Tiyeze Nthaka Tisanakumbe Mjigo

Ambirife timaganiza kuti madzi onse ochokera pansi pa nthaka ndi abwino. Koma anthu a ku Area 18 mu mzinda wa Lilongwe sadzaiwala mwezi wa Julaye 2017, pamene madzi a m'mipopi anasakanikirana ndi zonyansa za m'suweji. Zimenezi zinachitikira pansi, kumene maso saona. Kuyambira pamenepo mabanja ndi magulu ena amafuna kukhala ndi mjigo wawo. Tiyeni tione chifukwa chake tiyenera kuyamba tayeza nthaka.

Kodi mchere umalowa bwanji m'madzi?

M'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere, monga Beira ndi Dar es Salaam, madzi abwino amakhala pamwamba pa madzi a mchere popeza a mchere ndi olemera. Akatswiri anapeza kuti madzi abwino akakhala mita imodzi pamwamba pa msinkhu wa nyanja, amazama mamita pafupifupi 40 kunsi kwake. Tsono anthu akapopa kwambiri mpaka madzi kutsika ndi mita imodzi, madzi a mchere angathe kukwera ndi mamita 40. Chitsime chikalowa mchere motere, pamapita zaka zambiri chisanakhalenso bwino.

Dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, koma vutoli tili nalo. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli mijigo yomwe anthu anaisiya chifukwa madzi ake ndi owawa. Kumeneko mchere umachokera m'miyala ndi m'dothi, ndipo dzuwa likaumitsa madzi mcherewo umatsala. Nakonso kozungulira nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotuluka, madzi ena a pansi ndi a mchere. Mjigo ukawawa, amayi amabwerera ku mtsinje, ndipo matenda otsekula m'mimba amayambiranso.

Kodi nthaka amaiyeza bwanji?

Akatswiri amakhoma zikhomo zinayi zachitsulo pa mzere umodzi ndi kuzilumikiza ndi mawaya ku makina a batire. Zikhomo ziwiri za kumapeto zimalowetsa magetsi m'nthaka, ziwiri za pakati zimayeza mmene magetsiwo akudutsira. Akamatalikitsa zikhomo za kumapeto, magetsi amafika pansi kwambiri. Thanthwe louma limakaniza magetsi. Mchenga kapena mwala wofumbutuka wokhala ndi madzi abwino umawalola pang'ono. Madzi a mchere amawalola kudutsa mosavuta. Motero asanakumbe n'komwe, katswiri amadziwa malo oyenera ndi kuya koyenera kulekezera.

Komabe makinawa sanena zonse. Dothi la makande nalonso limalola magetsi ngati mmene amachitira madzi a mchere, choncho pafunika katswiri wodziwa miyala ya deralo. Komanso makinawa saona tizilombo toyambitsa matenda. Kuno ku Lilongwe mchere si vuto lalikulu, koma ku Chinsapo, Mgona ndi Area 25 nyumba zathinana ndipo zimbudzi zokumba zili pafupi ndi zitsime. Tisaiwale kuti kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Nanga ife tichite chiyani?

Choyamba, lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority. Tisanakumbe mjigo tikafunse chilolezo kumeneko. Chachiwiri, tiuze wokumba kuti ayambe wayeza nthaka ndi kutipatsa zotsatira zolembedwa. Chachitatu, mjigo ukhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chimbudzi, ndipo ukhale kumtunda kwake. Chachinayi, madzi akayezedwe kwa akatswiri tisanayambe kumwa.

Ndalama za mjigo timasonkha movutikira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kufunsa ndi udindo wathu.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'dera lathu muli mjigo kapena chitsime chomwe anthu anachisiya? Chifukwa chiyani?
2. Kodi madzi amene timamwa anayezedwa liti, ndipo ndani amasunga zotsatira zake?