Mtengo Woteteza Beira ku Madzi a m'Nyanja

Kuno ku Zambia tilibe nyanja ya mcele, koma feteleza wambili amene timathila m'minda yathu amatsitsidwa pa doko la Beira ku Mozambique, n'kubwela pa malole kudzela ku Tete ndi pa Chanida. Mzindawo unamangidwa pamalo otsika kwambili, ndipo madzi a m'nyanja akukwela pang'onopang'ono.

Kuuteteza si nchito yochipa. Pamafunika makoma a m'mphepete mwa nyanja, ngalande zikuluzikulu, ndi zitseko za pa mtsinje wa Chiveve zoletsa madzi kuloŵa nyanja ikadzaza. Zonsezi zimadya ndalama pozimanga, n'kudyanso pozisamalila; ife tidziŵa bwino zimene zimacitika mgula ukasiyidwa osakonzedwa dzinja limodzi.

Mu March 2019 namondwe Idai anagumula mzindawo ndi kudula mseu wocokela kumeneko. Anaŵelengela kuti kukonzanso zimene Idai ndi namondwe Kenneth anawononga m'dzikolo kudzafuna madola 3.2 biliyoni, koma opeleka thandizo analonjeza 1.2 biliyoni cabe. Nanga zotsalazo zidzacokela kuti? Ngati zina adzaziika pa misonkho ya pa doko, tidzaziona pa mtengo wa thumba la D Compound.