Angoni a ku Ntcheu Asunga Mbiri ya Makolo Awo

Chaka ndi chaka, m'mwezi wa September, anthu ambirimbiri amasonkhana m'mudzi wa Nkolimbo, kwa Inkosi Kwataine, m'boma la Ntcheu. Ena amatsika kumapiri a Lizulu, ena amakwera kuchokera ku chigwa cha Bwanje ndi cha Livulezi, ndipo enanso amachokera kutsidya, ku Mozambique. Msonkhano umenewu dzina lake ndi Umhlangano, ndiye kuti kukumana. Amene amaukonza ndi bungwe la Maseko Ngoni Heritage Trust pamodzi ndi mafumu a pansi pa Inkosi ya Makhosi Gomani V. Anthu a bungweli ndi odzipereka, ndipo ntchito yake imayenda ndi zopereka za anthu.

Nanga n'chifukwa ninji anasankha Nkolimbo? Pamenepo ndipo pali manda a Gomani woyamba, mwana wa Chikuse.

Angoni a kwa Maseko anachokera kummwera, naoloka Zambezi, nafika mpaka ku Songea, dziko limene lero ndi Tanzania. Mfumu yawo Mputa itafera komweko, Chidyaonga anawabweza nawakhazika pa phiri la Domwe. Chikuse atamwalira m'chaka cha 1891 panabuka nkhondo ya pachibale pakati pa Gomani ndi Kachindamoto, ndipo pamapeto pake Kachindamoto anakakhala ku Mtakataka. Tsono m'chaka cha 1896 asilikali a Boma la Angelezi anagwira Gomani, atamuimba mlandu wothira nkhondo midzi ya pafupi ndi mishoni ya ku Dombole. Akuluakulu amasimba kuti iye anakana kuyenda womangidwa ngati kapolo, ndipo anamuombera panjira. Mwana wake, Philip Gomani II, nayenso anaona zowawa. M'chaka cha 1953 anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma linamuchotsa pa ufumu, ndipo anamwalira m'chaka cha 1954.

Pa tsiku la Umhlangano, m'mamawa, akulu amayamba ndi kukhwisula, ndiko kupereka ulemu kwa mizimu ya makolo. Pambuyo pake ndiye magule: ngoma, uyeni, msindo. Amuna amavala zikopa ndi nthenga, atagwira zishango ndi zibonga, ndipo mfumu ikafika onse amafuula kuti "Bayethe!"

Komatu ntchito yovuta siili pa kuvina ayi. Zikopa munthu angathe kugula, ndipo mwana akhoza kuphunzira ngoma m'miyezi yowerengeka. Chimene chikutha ndi chilankhulo. Angoni atakwatira akazi a Chichewa, ana anatenga chilankhulo cha amayi awo, kotero kuti lero Mngoni wa ku Ntcheu amalankhula Chichewa. Chingoni chinatsalira m'nyimbo, m'mayina ndi m'ziwongo monga Maseko, Ngozo ndi Phungwako. Ambiri oimba nyimbozo sadziwa tanthauzo la mawu ake, ndipo mawu osadziwika tanthauzo sachedwa kupotoka. Nkhalamba yodziwa mbadwo wa mudzi ikamwalira, palibe wina womufunsa.

Kale, pakati pa 1935 ndi 1939, mayi wina wa ku England, Margaret Read, anakhala pakati pa Angoni nalemba zimene akulu anamuuza. Buku lake, The Ngoni of Nyasaland, linatuluka m'chaka cha 1956. Koma linalembedwa m'Chingelezi, ndipo m'midzi silipezeka.

Apa ndi pamene aphunzitsi ndi onse odziwa kulemba angathandize, ngakhale asali Angoni. Pafunika kope ndi pensulo basi. Wolembayo ayambe wapempha chilolezo kwa nyakwawa, kenaka akhale pansi ndi agogo a m'mudzimo. Alembe mawu monga momwe atulukira m'kamwa, osakonza, ngakhale amveke achilendo. Alembenso dzina la mudzi, chiwongo cha wonenayo ndi tsiku. Akulu awiri akasiyana pa nkhani imodzi, alembe zonse ziwiri, chifukwa kuweruza si kwake. Kope likadzaza, alisunge pouma, kutali ndi chiswe, ndipo adziwitse mfumu ya deralo kuti lilipo.