Kuchotsa naitireti m'madzi oipa pogwiritsa ntchito magetsi



Ku madrasa timaphunzitsa ana kuyesa madzi pa zinthu zitatu: mtundu, fungo ndi kakomedwe. Naitireti amazemba zonsezi. Madzi angaoneke oyera mbee, oyenera kupangira wudhu, koma osayenera kusungunulira mkaka wa khanda.

Naitireti amachokera ku feteleza wokokoloka m'minda, zimbudzi zokumba, ndowe za m'khola ndi madzi oipa a m'mafakitale. Bungwe la WHO linaika malire a mamiligalamu 50 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Akapitirira apo, ali pangozi kwambiri ndi makanda osakwana miyezi 6. M'thupi mwawo naitireti amasanduka naitiraiti, amene amalepheretsa magazi kunyamula okosijeni, mwana n'kuyamba kuda milomo. Amayi, kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Madzi akamaphwera iye amatsala mumphika. Klorini nayenso amangopha tizilombo. Akalowa mumtsinje amanenepetsa ndere ndi zomera ngati namasupuni wa mu Shire.

Sefa zamakono zimamuchotsa, koma amangotsalira m'madzi ena okhathamira amene afunikanso kotaya. Njira ya magetsi ndi yosiyana chifukwa imamusintha kukhala chinthu china. Amamiza zitsulo ziwiri m'madzi oipawo n'kulumikiza ku magetsi. Chimodzi, chotchedwa cathode, amachikuta ndi catalyst, ndiye kuti chofulumizitsa ntchito popanda icho kutha. Ambiri amakonda kopa chifukwa amagwira bwino naitireti ndipo ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi palladium. Pamenepo naitireti amalandira ma electron n'kumataya okosijeni wake mmodzimmodzi.

Nkhani yagona pa chimene asandukecho. Atha kukhala mpweya wa nayitrojeni, wosavulaza, umene ndi 78 peresenti ya mpweya timapumawu. Athanso kukhala amoniya atalandira ma electron 8. Ine chachiwirichi ndicho chimandikoka mtima, pakuti amoniya ndiye gwero la yuriya timagula modula uja. Kuchokera mu 1913 mafakitale amamupanga m'njira ya Haber-Bosch, yofuna kutentha koposa madigiri 400, pamene njira ya magetsiyi imatheka pa kutentha kwa m'chipinda, ngakhale ndi sola. Koma amoniyayo ayenera kukololedwa, chifukwa akatsala m'madzi amapha nsomba. Ntchito ikalekezera panjira pamatsala naitiraiti, woopsa kuposa naitireti amene.

Zovuta zilipo zinanso. Naitireti akachepa m'madzi, magetsi ambiri amathera kuphwanya madziwo n'kutulutsa haidirojeni, ndipo catalyst amakutika ndi zinyalala. N'chifukwa chake ntchitoyi yambiri ikadali m'malabotale. Kwa ife pakadali pano, akomiti akamasankha pokumba chimbudzi chatsopano, chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake.