Mphaka, Dimba ndi Mayi Wapakati

Ife alimi a ku Tsangano ndi ku Macanga timadziŵa ubwino wa mphaka. Tikakolola chimanga, makoswe amathamangira ku nkhokwe, ndipo mphaka ndiye mlonda wathu. Koma mlonda yemweyu angathe kubweretsa matenda pakhomo ife osadziŵa.

Matendaŵa dzina lake ndi toxoplasmosis. Amayamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso. Akatswiri anakatulukira m'chaka cha 1908 ku Tunisia ndi ku Brazil. M'chaka cha 1970 anazindikira kuti kamaswana m'matumbo a mphaka.

Kachilomboka kamayenda motere. Mphaka amadya khoswe amene ali nako. Kwa sabata imodzi mpaka zitatu, mazira ake amatuluka m'ndoŵe za mphakayo. Paja mphaka amakwirira ndoŵe zake m'dothi lofeŵa: kuseri kwa nkhokwe, m'dimba, kapena m'mizere ya kachewere. Mazirawo amakhwima pakapita tsiku limodzi mpaka masiku 5. M'dothi lachinyezi angathe kukhala ndi moyo chaka chathunthu.

Mbuzi, nkhosa ndi nkhumba zikadya udzu kapena gaga wokhudzana ndi ndoŵezo, kachilombo kamakhazikika m'nyama yake. Mbuzi yabere ikakatenga, nthaŵi zina imapoloza. Ife anthu timakatenga podya nyama yosapsa, ndiwo zamasamba zosatsuka, madzi oipa, kapena podya ndi manja a dothi.

Munthu wathanzi akakatenga, kaŵirikaŵiri samva kanthu. Mwina amangotentha thupi pang'ono ndi kutuluka mwanabere, basi. Ngozi yaikulu ili kwa mayi amene wakatenga koyamba ali ndi pakati. Iye angakhale bwinobwino, koma kachilombo kamadutsa mpaka kwa mwana m'mimba. Mayiyo angathe kupita padera kapena kubereka mwana wakufa. Ana ena amabadwa ndi mutu waukulu wodzaza madzi, ena amagwa khunyu. Ena amabadwa ooneka bwino, koma maso amadzawavuta atakula. Anthu amene ali ndi HIV ndipo sakumwa mankhwala nawonso ali pangozi, chifukwa kachilomboka kamaŵagwira mu ubongo.

Kodi tsono tiphe amphaka? Iyayi! Tikatero makoswe atha chimanga chathu. Kusisita mphaka si kumene kumapatsira matendaŵa. Tingosamala zinthu izi:

1. Mayi wapakati asaole ndoŵe za mphaka. Bambo aziole ndi khasu tsiku lomwelo ndi kukataya m'chimbudzi.
2. Pochokera ku munda kapena ku dimba, tisambe m'manja ndi sopo tisanadye.
3. Titsuke bwino tomato, kabichi ndi zipatso.
4. Nyama ipse mpaka m'kati. Kanyenya wofiira m'kati mayi wapakati amusiye, kaya ndi wa pa msika wa ku Furancungo kaya wa pakhomo. Mbeŵa nazo zipse ndithu.
5. Titsuke mpeni ndi mbale zimene zakhudza nyama yaiŵisi.
6. Madzi a pachitsime chosavundikira tiziŵiritsa.
7. Mbuzi ikapoloza, mayi wapakati asayandikire. Bambo akwirire zonsezo m'dzenje lakuya, asambe m'manja, nakauze mlangizi wa ziŵeto.

Mayi akazindikira kuti waima, ayambe sikelo msanga. Akamva kutentha thupi, apite ku chipatala tsiku lomwelo. Abambo, ntchito ya m'khola ndi yoola ndoŵe pa miyezi 9 imeneyi ndi yathu. Mwana amene akubwerayo ndi wathu tonse.

Mafunso
1. Kodi kachilomboka kamaswana kuti?
2. Tchulani njira zitatu zimene munthu angakatengere.
3. Pakhomo panu, ndani angathandize mayi wapakati kuola ndoŵe za mphaka?