Mkaka ukwera njinga, mwana atsala ndi tiyi m'botolo

M'mawa mame asanaume, njinga zonyamula zigubu zimatsetsereka m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi kulowera kumalo amene alimi a ng'ombe amasonkhanitsirako mkaka. Kumeneko amauyeza, kuuziziritsa, kenako galimoto imautengera ku Lilongwe. Pakhomo pomwe patuluka mkakawo, si zachilendo kupeza mwana wa chaka ndi theka akuyamwa botolo la tiyi wosathira kanthu, kapena madzi ofiira a shuga.

Botolo silinazike mizu m'midzi yakuno ngati m'tauni, chifukwa ana ambiri amakulira bere. Komabe lilipo. Mphunzitsi kapena namwino amene tchuthi chake cha uchembere chatha, mayi wa geni amene amalawirira kumsika wa Mponela kapena Madisi, agogo amene asiyiridwa mwana wamasiye, onsewa amathamangira botolo. Lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa mayi masabata 8 okha, pomwe achipatala amati mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6. Mayi wotere sitingamudzudzule. Vuto limadza mwana akayamba kuyenda, mano atamera, koma botolo osalisiya.

Alangizi a zaumoyo kusikelo salikonda botolo, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Kamphira koyamwira kaja kamasunga zotsalira za mkaka m'malo amene chala sichifika. Kuti kayere pamafunika kukaphika m'madzi owira nthawi iliyonse, ndipo m'dera limene nkhuni n'zosowa, madzi ndi otunga kumjigo, ndi angati angakwanitse? Mapeto ake ndi kutsegula m'mimba. Amene anaona kolera wa mu 2022 ndi 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, safunika kuuzidwa kawiri za chiwiya chosatsuka bwino. Mwana wogona botolo lili kukamwa amaolanso mano akutsogolo, chifukwa shuga amakhala pa mano usiku wonse. Ndipo mimba ikadzaza ndi zamadzi, phala amalikankha. Kapu yosavindikira imatsukika ndi sopo pompopompo, ndipo mwana wa miyezi 6 amatha kuyamba kumweramo wina akamugwirira.

Nkhani ya chakudya cha ana m'maboma a Dowa ndi Ntchisi si yongopeka. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Mu January 2014, boma ndi bungwe la World Food Programme anayambitsa ntchito yolimbana ndi kupinimbira ku Ntchisi. Mwana aliyense wa miyezi 6 mpaka 23 ankalandira kapaketi ka chiponde chotchedwa Nutributter, magalamu 20 patsiku, momwe munali mtedza, mafuta ndi mkaka waufa, ndipo amayi ankaphunzitsana m'magulu za kadyetsedwe ndi ukhondo. Akatswiri a sukulu ya Johns Hopkins anayerekeza ana a ku Ntchisi ndi anzawo a ku Dowa, komwe kunalibe chipondecho. Anapeza kuti a ku Ntchisi ananenepako bwino, koma msinkhu sunasinthe msanga monga momwe anthu ankayembekezera. Chiponde cha mabungwe chimabwera n'kutha. Chimene chimalera mwana zaka zonse ndi chimene chili pakhomo.

Apa ndi pomwe mkaka wa ng'ombe ukulowera. Mmalawi mmodzi samwa ngakhale malita 10 pachaka, ndipo mlimi amene akudikira ndalama ya fetereza amaona lita iliyonse ngati ndalama, osati chakudya. Komatu mwana wopitirira chaka safuna chigubu. Makapu awiri patsiku, pafupifupi theka la lita, ndi okwanira kwa mwana amene wasiya kuyamwa, ndipo kupyola apo mkakawo umamutsekereza kudya zina n'kumuchepetsa magazi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti mwana wa miyezi 12 mpaka 23 angathe kumwa mkaka wa ziweto, ndipo mkaka wam'chitini wolembedwa kuti ndi wa ana okulirapo ndi wosafunika. Chachikulu n'kuuwiritsa, poti wosaphika umafalitsa TB ya ng'ombe ndi matenda ena. Mbuzi nazo zadzaza m'makola a Nambuma, Mvera ndi Malomo, koma ndi ochepa amene amazikama, ngakhale mkaka wake ndi wabwino ukawiritsidwa. Ufa woyera wothira mu tiyi uja, umene ambiri amautcha mkaka, si mkaka ayi: ndi mafuta ndi shuga.

Nanga botolo alisiye bwanji? Makolo athu anali ndi njira zawo zoletsera mwana kuyamwa: kupaka tsabola pabere, kapena kumutumiza kwa agogo sabata yonse. Zinkagwira ntchito, koma mwana ankalira mpaka kukana chakudya, ndipo ena ankayamba kunyentchera pomwepo. Mpaka lero mayi akaima mwana ali wamng'ono, achikulire amamuuza kuti mkaka waola, amuletse lero lomwe. Achipatala amati mkakawo suola, ndipo mwana akhoza kupitiriza kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Botolo nalo silifuna nkhondo ya tsiku limodzi. Yambani ndi lamasana, limene mwana salilabadira kwenikweni poti ali kosewera. M'malo mwake mupatseni mkaka pang'ono m'kapu yakeyake, akakhala pamphasa ndi abale ake nthawi ya chakudya. Adzataya, adzanyowetsa malaya, musamukalipire. Patapita masiku angapo chotsani lam'mawa. Lausiku ndilo lovuta, chifukwa mwana salifuna kaamba ka njala, amalifuna kuti agone. Pamenepo mberekeni, muimbireni, kapena bambo amutenge, poti ana ambiri savuta kwambiri kwa munthu amene sanazolowere kulandira botolo m'manja mwake. Akaumirira, muikireni madzi okhaokha owiritsa, mkaka uzipezeka m'kapu basi. Musayambe zonsezi mwana akudwala kapena sabata imene kwabadwa mng'ono wake.

Ana ena akasiya botolo amakaniratu mkaka, ndipo amayi amada nkhawa. Osamukakamiza, osathiramonso shuga kuti akopeke. Thirani mkakawo m'phala la mgaiwa, lansinjiro kapena la soya, zomwe Dowa ndi Ntchisi amalima zochuluka. Chambiko chochokera ku mkaka wowiritsa nachonso ndi mkaka. Pakhomo popanda ng'ombe kapena mbuzi yokama, usipa kapena matemba osinja pamodzi ndi minga yake, dzira, ndi masamba otendera zimathandiza mafupa ndi thupi kukula. Tiyi yekha ndiye alibe phindu kwa mwana, ndipo amalepheretsa thupi kutenga mchere wopanga magazi m'zakudya.

Inu abambo amene mumakama m'bandakucha, musanamange chigubu panjinga, tapulani makapu awiri muwapatse amake mwana awiritse. Ndipo mwezi uno popita kusikelo, pitani nawo limodzi mukaone nokha mzere wa kakulidwe ka mwana wanu m'buku lake lachipatala.