Chilala cha ku Afghanistan ndi Ndalama Zotsekeredwa

Chidule cha khutba ya Lachisanu, Kawale, Lilongwe

Abale ndi alongo m'Chisilamu, inu a ku Kawale ndi Biwi mukudziwa mmene madzi amalowera m'nyumba mvula ikanyanya. Nakonso ku Afghanistan, mu May 2024 madzi osefukira anapha anthu opitirira 300 m'chigawo cha Baghlan, kuwonjezera pa chilala cha zaka zingapo. Dzikolo limatulutsa utsi wochepa zedi wosokoneza nyengo, komabe ndilo likuzunzika.

Maiko olemera amasonkha ndalama m'matumba othandizira pa kusintha kwa nyengo, monga Green Climate Fund, ndipo kawirikawiri ntchito zake zimayenda ndi chilolezo cha boma. A Taliban atatenga ulamuliro mu 2021, bungwe la United Nations silinawavomereze, choncho ntchito zambiri zotere zinaimitsidwa. Zotsekera atsikana sukulu sitikuziikira kumbuyo ayi. Koma mlimi wa tirigu amene ngalande yake yauma walakwanji?

Njira ina ilipo, ndipo Amalawi tinaiona. Namondwe wa Freddy atasakaza kummwera mu 2023, boma la Scotland linadzeretsa thandizo ku GiveDirectly, bungwe lomwe si la boma. Mabanja a ku Nsanje analandira ndalama pa foni, namanga nyumba kumtunda. Mabungwe otere aliponso ku Afghanistan, ndipo angathe kufikira midzi ndalama zisanagwidwe ndi olamulira.

Mu 2024 Malawi ndiye ankatsogolera gulu la maiko osaukitsitsa pa zokambirana za nyengo, ndipo Afghanistan ndi mmodzi wa maikowo. Makomiti a mizikiti alembere nduna yoona za chilengedwe kuti nthumwi zathu zikaiyankhule nkhaniyi pa msonkhano wa COP ukubwerawu, Insha Allah.