Funso limene achibale amaopa kufunsa

Ndimagwira ntchito yoona anthu odwala matenda a maganizo pachipatala china cha boma. Anthu akamva zimenezi amaganiza kuti ndimakhalira kulimbana ndi odwala omangidwa zingwe, kuwabaya jakisoni wogonetsa, n'kulemba kalata yowatumiza ku Zomba Mental. Oterowo amabweradi, koma ndi ochepa. Ambiri amene amadikira pabenchi kunja kwa chipinda changa mungakwere nawo minibasi osadziwa kanthu: mphunzitsi, mayi wogulitsa kaunjika, mlimi wa fodya, mnyamata wa kabaza.

Salowa n'kunena kuti akuvutika maganizo ayi. Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, thupi likutentha, tulo takana. Ena amakhala atayezetsa malungo kangapo osapezeka, panado atamwa mpaka kutopa naye. Timayamba ndi kuyeza thupi ndithu, chifukwa kuchepa kwa magazi, shuga, ngakhale mankhwala ena a ma ARV monga efavirenz amene ambiri ankamwa kale, amatha kusokoneza tulo ndi maganizo. Zikakhala kuti kumeneko kulibe vuto, chida chimene chatsala ndi mafunso basi. Makina ounika mtima wosweka kulibe.

Mumagona bwanji? Mumadzidzimuka nthawi yanji usiku? Nsima ikukoma? Mpira, kwaya, bawo, zimene zinkakusangalatsani kale, mukuzifunabe? Chisoni cha maliro kapena cha kutha kwa ntchito si matenda. Koma munthu akatha masabata awiri kapena kuposerapo ali wolefuka pafupifupi tsiku lililonse, osagona, osadya, akudziona ngati katundu wolemetsa anzake, pamenepo timadziwa kuti tikulimbana ndi matenda, ndipo amachizika.

Kenaka limabwera funso limene achibale amandiyang'ana nalo ngati ndatukwana pamaso pa apongozi. Ndimafunsa mosazungulira: "Bambo, kodi amakubwererani maganizo oti bola kufa? Munaganizapo zodzipha?" Ambiri amakhulupirira kuti kufunsa chotere n'kumupatsa munthu nzeru imene analibe. Sizoona, ndipo akafukufuku m'maiko osiyanasiyana anaitsata nkhaniyi n'kupeza kuti kufunsa sikuwonjezera ngozi. Amene alibe maganizowo amangoti ayi, mwina n'kuseka. Amene ali nawo amayamba wakhala chete, kenaka n'kumasuka, chifukwa wakhala akusenza chinthucho yekha miyezi, kunyumba akuuzidwa kuti mwamuna salira.

Akavomera, ndimafunsabe. Mwakonza kale njira? Mumakhala ndi ndani? Ndimapempha chilolezo choitana mbale mmodzi amene iwo amamukhulupirira, n'kugwirizana kuti asasiyidwe okha, ndiponso kuti mankhwala a m'munda ndi othira m'chimanga akasungidwe kwa mnansi. Zimaoneka zazing'ono, koma mphamvu ya maganizo odzipha nthawi zambiri imakwera n'kutsika m'maola ochepa. Munthu akadutsa usiku umenewo ali moyo, mawa lake tili ndi poyambira.

Ndikafunsa chimene chinayambitsa, nkhani ya ndalama sichedwa kutuluka. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene malipiro a ambiri sanathamange liwiro lomwelo. Wina anatenga ya banki m'khonde kuti agule feteleza, n'kutenga katapila kuti abweze ya banki m'khonde, fizi ya ana ili pakhomo. Malipoti a apolisi amasonyeza chaka ndi chaka kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mikangano ya m'banja sizisowa pamndandanda wa zifukwa.

Amitriptyline kapena fluoxetine sabweza ngongole ya munthu. Ntchito yake n'kubwezeretsa tulo ndi mphamvu yoganiza, ndipo amatenga masabata awiri mpaka anayi, mwinanso kuposa, kuti ayambe kumveka m'thupi. Apa mpamene ambiri amagwera ulesi n'kusiya, ena n'kusiyanso atangopeza bwino, pamene amayenera kupitiriza miyezi isanu ndi umodzi kuti matenda asabwerere. Mutu ukayamba kukhazikika timatenga pepala ndi cholembera, n'kulemba ngongole zonse, uyu zakuti, uyu zakuti, n'kusankha woyamba kukakambirana naye. Ena amadabwa kuti kuchipatala tikuwerengetsa ndalama. Nawonso ndi mankhwala, ndipo ambiri a matenda osazama amachira ndi kukambirana kokhako popanda mbulu ndi umodzi womwe.

Pali zina zimene ife a m'chipinda choyezera sitingakonze. Ndime 229 ya Penal Code inaika kuyesa kudzipha kukhala mlandu. Lamuloli linabwera ndi atsamunda, ndipo ku England kumene linachokera analitaya mu 1961. Ghana inalichotsa mu 2023. Kwathu kuno zotsatira zake timaziona ife: achibale amabisa wopulumukayo, kapena amabwera naye n'kunama kuti zachitika mwangozi, munthu n'kutsukidwa m'mimba, n'kubwerera kunyumba osafunsidwa funso lija.  Chinanso ndi mtunda ndi mankhwala. Zipatala zazikulu za matendawa zili ku Zomba ndi za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, choncho wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amadalira chipatala chapafupi, kumene mankhwalawa akatha m'famase wodwala amene anayamba kupeza bwino amabwerera pomwe anayambira.

Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene wasintha, wayamba kudzipatula, kugawa katundu wake kapena kulankhula ngati akutsanzika, mufunseni funsolo inuyo lero, muli awiri. Akavomera musamulalikire kapena kumukalipira. Khalani naye, mupite naye kuchipatala cha boma, mukafunse namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo, ndipo mukatiuze zoona zake zonse. Thandizoli ndi laulere, ndipo ntchito yanga si kuitana apolisi.